Chionetsero cha galimoto zakale za asilikali Loweruka: ndi mvula imeneyi, ndiwatenge bambo?

Banda wa ku Chilenje

Abale anga, ndithandizeni maganizo nthawi isanathe. Loweruka likubwerali okonda galimoto zakale akusonkhana pa famu ina mbali ya ku Chongwe, ndipo ulendo uno agwirizana kuti aliyense amene ali ndi galimoto yomwe inagwirapo ntchito ya usilikali abwere nayo. Pa gulu lathu la WhatsApp atchulapo malole awiri a Bedford, lole ya m'tchire ya Unimog, lole imodzi ya IFA yomwe mwini wake amatutira chimanga mpaka lero, Jeep ya Willys ya m'nthawi ya nkhondo yachiwiri, ndi ma Land Rover ochuluka ndithu. Akasinja kukakhala kulibe, amenewo munthu wamba sakhala nawo kuno. Vuto ndi loti mukapatuka pa Great East Road pamatsala makilomita 6 a msewu wadothi, ndipo pena umadula m'dambo. Mvula ya Febuluwale uno mukuiona nokha. Okonza anena kale kuti tsiku silisintha, igwe isagwe.

Ine ndili ndi Land Rover Series III ya 1978, yaitali ija ya 109, ya petulo, injini 2.25. Ndinaigula kwa mkulu wina ku Makeni ili pa mabuloko, nkhuku zikuikira mazira pansi pa mpando. Anandiuza kuti inachokera pa okushoni ya galimoto za boma, ndipo nditapala utoto woyera wa pamwamba ndinapezadi wobiriwira pansi pake. Ndaikonza pang'onopang'ono, ndalama ikapezeka. Pa tala imayenda bwinobwino, ku Kafue imapita n'kubwera osadandaula, koma chikhalire m'manja mwanga sinalowepo m'matope enieni.

Chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi bambo anga. Ali ndi zaka 79, amayenda ndi ndodo, ndipo ali ndi shuga. Bambo awo, agogo anga amene sindinawaone, anali dalaivala wa lole ku nkhondo ya ku Burma, ndipo bambo anabadwa mu 1946 agogowo atangobwerako. Nawonso bambo moyo wawo wonse unathera pa chiwongolero. Anayamba ali mnyamata, akuthandizira dalaivala pa msewu wa ku Dar es Salaam nthawi ija mafuta ankabwera m'madiramu pa malole, Rhodesia itadzitengera ufulu mu 1965. Msewu umenewo unalibe tala, ndipo paipi ya mafuta ya TAZAMA inali isanathe, inadzatha mu 1968. Nkhani za matope a ku Isoka ndi ku Tunduma tinakula nazo.

Chimvereni kuti kukakhala Bedford, bambo atulutsa jekete lawo la ku tchalitchi, nsapato apukuta kale, ndipo m'mawa uliwonse akufunsa kuti lero ndi lachingati. Mlongo wanga wakana kwamtuwagalu, akuti ndisayerekeze kutenga munthu wamkulu kupita naye kuthengo mvula ili chonchi. Bambo anangomuyankha kuti walira mvula walira matope, iwo matope sayamba kuwaona lero.

Ndiye ndifunse. Amene mumaidziwa galimoto imeneyi, ikafika, ndipo ndikonze chiyani ndisananyamuke? Nanga amene munapitako ku zionetsero zotere mvula ikugwa, munthu wachikulire angapirire tsiku lonse? Mtima wanga ukufuna kuwatenga, chifukwa sindikuona mpata wina wotere m'tsogolomu. Koma sindikufunanso kubwera nawo kunyumba akutsokomola.

Mwale, makanika wa ku Garden

A Banda, kumbali ya galimoto musade nkhawa, pitani. Imeneyo anaipangira msewu womwewo. Za bambo ndisiyira ena, ine ndinena zomwe ndimagwira ndi manja.

Yambani ndi kuyang'ana pakati pa matayala a kutsogolo. Ma Series ambiri kuno anawaika timahabu tozungulitsa ndi dzanja tija kuti asamamwe petulo wambiri m'tauni. Ngati tilipo, titsekeni mukangopatuka pa tala. Ndaona anthu akudina kandodo kachikasu, mtima uli m'malo kuti matayala onse anayi akukoka, pomwe kutsogolo sikukugwira n'komwe. Kachikasuko mukakadina pansi mumapeza matayala anayi pa magiya a masiku onse. Kofiira mukakakokera kumbuyo, galimoto itaima, mumapeza magiya amphamvu aja ndipo anayi onse amalowa okha. M'dambo gwiritsani kofiira, nyamukani ndi giya yachiwiri kapena yachitatu. Yoyamba ili ndi mphamvu yopyola muyeso, imangozunguza matayala pamalo amodzi.

Dziwani bwino kuti galimoto yanu ilibe chotsekera difu, chija chokakamiza matayala a mbali zonse ziwiri kuzungulira limodzi. Tayala limodzi kutsogolo ndi lina kumbuyo akayamba kuzungulira m'malere, mwaima basi, ngakhale muponde moto chotani. Pamenepo chotsani phazi. Bwererani m'mbuyo pang'ono m'mizere yomwe mwadzera, sankhani pena, yesaninso ndi liwiro lofanana, osati lothamanga. Mwayi wanu ndi woti 109 ya chaka chimenecho ili ndi akiselo ya mtundu wa Salisbury kumbuyo, yolimba kwambiri. Ma Land Rover aafupi aja a 88 ndi galimoto zomwe zimathyola mashafiti kawirikawiri munthu akazunguza tayala kenaka likagwira mwala mwadzidzidzi.

Matayala ngati ali a 7.50 pa 16 ndipo mano akadalipo, phwetsani mpweya pang'ono pa msewu wadothi, koma nyamulani pampu kuti mupopenso pobwerera pa tala. Zala zazikulu zikhale kunja kwa chiwongolero, osazilowetsa mkati. Mulibe chothandizira kukhota mmenemo, tayala likagunda chitsa chiwongolero chimabwerera ndi mphamvu yothyola chala.

Madzi ndiwo mdani wa injini ya petulo. Disitiribyuta ndi mawaya a mapulagi zikanyowa imazima pakati pa chithaphwi. Ine ndimatenga gulovu ya labala, kuboola nsonga za zala zisanu, kudutsitsa mawaya anayi a mapulagi ndi la koyilo, n'kuiveka pa disitiribyuta. Pansi pa nyumba ya fulayiwilo pali kabowo, kabawuti kake kamakhala komangidwa pambali pomwepo. Katsekeni musanalowe m'madzi kuti matope asafike pa kilachi, ndipo mukabwerako katseguleninso. Mabuleki ndi a diramu, akanyowa sagwira. Mukatuluka m'madzi yendani pang'ono phazi lakumanzere lili pa buleki mopepuka mpaka mumve kuti ayamba kuluma.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri ndi ichi. Mukatitimira, kapena mukafuna kukoka mnzanu, musamange chingwe pa kampira kachitsulo kokokera ngolo kaja. Kakathyoka kamauluka, ndipo kapha anthu m'maiko ambiri. Mangani pa chesisi. Lero lomwe lowani pansi ndi hamala, gogodani chitsulo chopingasa cha kumbuyo, mumve ngati chikulira bwino. Bodi ya Land Rover ndi aluminiyamu, sichita dzimbiri, ndiye imanamiza anthu kuti galimoto ili bwino pomwe chesisi yadyeka mkati. Pokoka, ana ndi oonerera onse akhale patali kupitirira kutalika kwa chingwe.

Nyamulani khasu, fosholo, chikwanje, ndi thabwa lochindikala loikapo jeke. Pofika, imikani pamtunda, mphuno yoloza kotulukira.

Mai a Thoko, Kanyama

A Banda, ine ndili mbali ya mlongo wanu, mundikhululukire. Ndikulemba pano madzi ali pakhomo, timadumpha pa njerwa kuti tikafike ku msewu. Lusaka yathu yakhala pa thanthwe, madzi a pansi ali pafupi, mvula ikangolimbikira zimbudzi ndi zitsime zimasakanikirana. Taiwala kale Januwale wa 2024, pomwe Heroes Stadium inasanduka chipatala cha kolera? Kumalo kodzaza anthu, ku famu, chimbudzi mwina chimodzi, aliyense akugwira nyama yootcha ndi manja amatope, inu n'kupitako ndi munthu wa zaka 79 wa shuga.

Bwanji osadikira chionetsero cha ku Showgrounds, chomwe chimatha pa Farmers' Day kumayambiriro kwa Ogasiti? Kumeneko asilikali ndi a Zambia National Service (ZNS) amabwera ndi zinthu zawo, pansi pali pouma, ndipo ndi pafupi ndi chipatala. Mukaumirira kupita, madzi akumwa nyamulani a kunyumba owiritsa, chakudya cha bambo chichokere m'khitchini mwanu, ndipo musaiwale sopo ndi chigubu china cha madzi osamba m'manja. Ndanena chifukwa ndinasamalirapo amayi anga akudwala chibayo, sindifunira mnzanga zimenezo.

Naphiri wa ku Woodlands

Mai a Thoko anena zoona pa za madzi ndi chakudya, zimenezo tsatirani zonse. Koma za ku Showgrounds n'zosiyana, a Banda. Kumeneko mudzaona zida za lero kuseri kwa chingwe. Bambo akufuna lole yomwe manja awo amaidziwa, aigwire, akambe ndi mwini wake.

Ine ndine namwino, ndinagwirako ntchito ku England, ndipo mwana wanga wamwamuna anali wopenga ndi akasinja. Azungu kumeneko zionetsero zoterezi amazikonda zedi, amachitira m'minda ya udzu nthawi yachilimwe, koma chilimwe chawo mvula siichedwa. China chomwe tinapitako kumwera kwa dzikolo, mvula inagwa usiku wonse. M'mawa udzu unali bwinobwino. Pofika masana, malole ndi akasinja atadutsadutsa, njira zonse zinali zitasanduka matope, anthu akusiya nsapato m'menemo, ndipo madzulo thirakitala ndi yomwe inkatulutsa galimoto za alendo imodziimodzi. Phunziro lake ndi loti malo amaipa chifukwa cha matayala, osati mvula yokha. Fikani m'mamawa msewu usanapondedwe, ndipo nyamukani gulu lisanayambe kutuluka.

Chinandidabwitsa tsiku limenelo n'choti kasinja wolemera matani ambirimbiri ankadutsa pomwe kagalimoto kakang'ono katitimira. Unyolo wake ndi wotambalala, kulemera kumagawanika pamalo aakulu. Komatu nawonso ali ndi malire, mu 1917 ku Passchendaele ambiri anamira m'matope osafika n'komwe kwa adani. Zimenezi ndinaziwerenga ku nyumba yosungirako akasinja ya ku Bovington, ku Dorset, komwe kuli kasinja wa Ajeremani, Tiger 131, yomwe inagwidwa ku Tunisia mu Epulo 1943, yokhayo ya mtundu wake yomwe ikuyendabe.

Tsopano za bambo, ndilankhule ngati namwino. Kwa munthu wa shuga choopsa choyamba ndi mapazi, osati chifuwa. Ambiri samva bwino kuphazi, jombo imatha kuwakhula mpaka chilonda iwo osadziwa. Musawagulire jombo zatsopano Lachisanu n'kuwaveka Loweruka. Abwerekeni zazikulupo pang'ono, zofewa kale, avale ndi masokosi okhuthala, ndipo ena ouma akhale m'pepala la pulasitiki. Masana muwavule, muyang'ane pakati pa zala, mupukute. Adye pa nthawi yake ngakhale nkhani itakoma chotani, mankhwala akhale m'thumba lanu, ndi maswiti pang'ono ngati shuga atatsika. Ndodo yawo m'matope imalowa, ndiye pakhale mdzukulu wamphamvu amene ntchito yake tsiku lonse ndi kukhala kudzanja lawo. Mpando wa pulasitiki miyendo yake imamira, ikani pa thabwa. Ndipo 109 yanuyo ndi nyumba kale, mangani lona kumbuyo, mvula ikabwera alowe.

Mukachita zimenezi ine sindikuona choletsa. Okalamba ambiri amene ndawasamalira chinkawafooketsa n'kukhala pakhonde tsiku ndi tsiku popanda choyembekezera.

Aphunzitsi Zulu, opuma ntchito, Kaunda Square

Mwana wanga Banda, mwandikhudza pomwe mwatchula Burma. Ndinaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale kwathu kummawa, ndipo chinkandiwawa n'choti ana ankadutsa pa geti ya Gondar Barracks ku Chipata osadziwa kuti dzinalo ndi la mzinda wa ku Ethiopia komwe asilikali a ku Africa kuno anamenya nkhondo mu Novembala 1941. Maina a makampu athu ndi mapu a komwe makolo athu anayenda. Tug Argan ya ku Ndola ndi ku Somaliland, komwe Northern Rhodesia Regiment inalimbana ndi Ataliyana mu Ogasiti 1940. Arakan ya kuno ku Lusaka, Chindwin ya ku Kabwe, Kalewa ya ku Ndola, onsewo ndi maina a ku Burma.

Ngati agogo anu anali m'gulu lalikulu lija la 11th East African Division, momwe munali anyamata athu pamodzi ndi a King's African Rifles a ku Nyasaland, Kenya, Uganda ndi Tanganyika, ndiye kuti matope amene anaona sitingawayerekeze ndi a ku Chongwe. Mu 1944 gulu limeneli linatumidwa kutsika chigwa cha Kabaw m'kati mwa nyengo ya mvula, nthawi yomwe magulu ankhondo kumeneko ankayamba aima kaye. Chigwacho chinali chodzaza malungo ndi matenda ena a m'tchire. Msewu unasungunuka. Asilikali ankadula mitengo n'kuiyala mopingasa, umodzi pambali pa unzake, kuti malole adutsepo, ndipo njovu zinkathandiza kukoka zipika zomangira milatho. Pomwe galimoto zalephereratu, chakudya ndi zipolopolo zinkaponyedwa kuchokera m'ndege. Anafika ku Kalewa, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin, kumayambiriro kwa Disembala 1944, ndipo pomwepo panamangidwa mlatho woyandama wa Bailey wa mamita pafupifupi 350.

Ndikuuzeni chimodzi kuti musakakhumudwe. Bedford zomwe zimapezeka kuno nthawi zambiri ndi RL, zomwe zinayamba kupangidwa m'ma 1950, kapena MK za pambuyo pake. Si za ku Burma zimenezo. Kumeneko kunali kochuluka ma Chevrolet ndi ma Ford opangidwa ku Canada, ma Dodge, ndi ma Jeep. Ndiye pa zonse mwatchulazo, ya nthawi ya agogo anu ndi Jeep ija. Anapanga zoposa 600,000 pa nkhondo yonse, a Willys ndi a Ford.

Atengeni bambo. Ndipo pempho langa ndi loti mdzukulu mmodzi atsegule foni ajambule mawu awo akamalankhula. Funsani ngati kunyumba kuli mendulo. Ya ku Burma ndi nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, kansalu kake kofiira pakati, m'mbali mwabuluu wakuda ndi mizere yachikasu chofiirira. Madoda amene anabwerako ku nkhondo ija ambiri sankakamba, ndipo ana awo ndi okhawo atsala ndi timawu tochepa tomwe anatola.

Sakala wa ku Matero

Akuluakulu anena zonse, ine ndiwonjezere kamodzi. Uzani anzanu pa gulupo kuti asabwere atavala zamawangamawanga za asilikali. Ku Ulaya pa zionetsero amavala, koma kuno asilikali ndi apolisi akhala akuchenjeza anthu wamba kuti asamavale zimenezo, ndipo pa Great East Road pali malodibuloko. Galimoto yobiriwira, mkati muli anthu ovala ngati asilikali, mudzachedwa nazo kufotokoza. Mapepala a galimoto akhale pafupi, ndipo mukakumana ndi galimoto zenizeni za asilikali pamsewu musazijambule.

Banda wa ku Chilenje

Zikomo nonse, tinapita ndipo tabwerako bwino. Ndikulemba Lamulungu madzulo, bambo adya nsima yawo ndipo mapazi ali bwinobwino, a Naphiri. Mlongo wanga pomaliza anati ngati mukupita ndiye nanenso ndikwera, ndipo ndi amene ananyamula madzi, sopo ndi nkhuku yophikira kunyumba monga ananenera Mai a Thoko. Jombo tinabwereka kwa aneba.

Tinanyamuka kusanache kwenikweni, kukuwaza. A Mwale, timahabu tija tinalipodi, ndinatitseka pa mphambano. Pa dambo madzi anali atadutsa pamwamba pa msewu. Mwana wanga anatsika n'kuyenda kutsogolo ndi ndodo, madzi akumufika m'mawondo, ine pambuyo ndi kofiira, giya yachiwiri. Kumbuyo kunavina kawiri koma tinatuluka. Bambo anali phee pampando, dzanja lili pa dashibodi. Titakwera kumtunda anangoti, ukanasintha giya pakati paja tikanagona pomwepo.

Anthu anabwera ochepa kusiyana ndi omwe analembetsa, ndipo Bedford inafika imodzi yokha, RL ya petulo. Aphunzitsi, munanena zoona, ndipo bambo anadziwa okha asanauzidwe. Anaizungulira pang'onopang'ono, mdzukulu ali kudzanja, n'kunena kuti iyi ndi ya nthawi yanga, ya bambo inali Chevrolet. Mwini wake, mlimi wa ku Chisamba, atamva zimenezo anatsitsa bokosi la zida kuti likhale chopondera, tinawakweza anthu atatu. Atakhala pa chiwongolero dzanja linapita lokha pa giya osayang'ana. Anaponda kilachi kawiri, kulowetsa, kutulutsa, injini ili chizimire, akufotokozera mlimi uja mmene ankatsikira mapiri a ku Luangwa ndi katundu popanda kutentha mabuleki. Mlimiyo anailiza kuti aimve. Anatchera khutu pang'ono n'kumuuza kuti tapeti imodzi ya m'injini yamasuka, ndipo mlimi anavomera kuti akudziwa, wakhala akuzengereza.

Cha m'ma 11 koloko inagwa yeniyeni, yamabingu. Tinabisala pansi pa lona, ndipo itakata bwalo lonse linali litasintha. Dothi lakuda la pamenepo limamata ngati nsima ya kondowole, ukaponda jombo imatuluka ndi chibuma, matayala mano onse kutsekeka. Apa m'pomwe chionetsero chinayambira kwa ine. Pouma galimoto zonsezi zimangooneka zakale zobiriwira. M'matope iliyonse inaonetsa khalidwe lake. Jeep ija, kopepuka, timatayala towonda, inkangodumphadumpha n'kudutsa. Unimog inkayenda mosatekeseka, mimba ili m'mwamba chifukwa akiselo zake zimakhala pamwamba pa pakati pa matayala, difu zonse zotseka. IFA, yomwe inabwera ndi matumba a chimanga kuti ilemere kumbuyo, inatsetserekera mu ngalande ya m'mbali mwa munda n'kukhala pansi mpaka difu.

Anyamata anathamangira kukankha, dalaivala akuponda moto, matope akuuluka, lole ikungolowa. Bambo anaimirira pa thabwa lawo lija n'kukuwa ndi mawu omwe sindinawamve chichokereni pa ntchito. Anati zimitsani injini. Anawauza atsitse matumba, akumbe kutsogolo kwa matayala onse anayi osati a kumbuyo okha, adule nthambi zokula ngati mkono aziyale mopingasa, zothithikana. Ena ankafuna kuziika motsata msewu, anawabweza. Unimog itabwera kudzakoka, anathamangitsa aliyense pafupi ndi chingwe, n'kuuza mnyamata wina aponye thumba lonyowa pakati pa chingwecho kuti chikaduka chigwe pansi. IFA inatuluka ulendo woyamba. Mwini wake anabwera kudzawagwira chanza ndi manja awiri.

Titakhala pansi kudya m'pomwe anayamba kukamba za agogo, mwana wanga atatsegula foni. Anati kuyala mitengo kuja sanaphunzire ku Tunduma, anaphunzira kwa bambo awo ali mwana, ngolo ya ng'ombe itatitimira pa dambo kwathu ku Katete. Agogo tsiku limenelo akuti anagwira ntchito osalankhula, ndipo ngolo itatuluka anakhala pa chulu n'kunena kuti ku Burma ankayala chonchi kuyambira m'mawa mpaka usiku, mawa lake n'kupeza mitengo yonse yamira, n'kuyambanso. Anatchulanso mnzawo wa ku Zomba amene ankasinthana naye chiwongolero, amene anamwalira ndi malungo asanaone mtsinje waukulu uja. Ine ndakula m'nyumba ya bambo koma nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo, mlongo wanganso chimodzimodzi. Aphunzitsi, mendulo akuti ilipo, ili m'sutikesi kwa atate aang'ono ku Katete pamodzi ndi kabuku ka usilikali. Tikapita pa Isitala ndikajambula ndidzaike pano kuti mutithandize kuwerenga gulu lomwe analimo.

Tinanyamuka 2 koloko, ena asanayambe. Pa dambo panali pataipa kuposa m'mawa, ndinadzera m'mizere ya Unimog. Ndamva kuti omwe anatsalira atuluka usiku.

A Mwale, funso lina. Lero ndatsuka pansi ponse ndi paipi, ndachotsa kabawuti ka fulayiwilo, munatuluka timadzi pang'ono. Koma nditatsegula difu ya kumbuyo oyilo watuluka wotuwa, osati wakuda. Ya kutsogolo ili bwino. Komanso buleki ya kumanzere kumbuyo ikukhula ndikamayenda pang'onopang'ono. Ndingapite nayo kuntchito mawa?

Mwale, makanika wa ku Garden

Ayi, mawa kwerani basi. Oyilo wotuwa ndiye kuti mwalowa madzi. Difu inali yotentha, italowa m'dambo inazizira mwadzidzidzi n'kuyamwa madzi, kawirikawiri chifukwa kopumira kake pamwamba pa akiselo katsekeka ndi dothi, ndiye imakokera pa masilo. Khuthulani wonse, thirani oyilo watsopano wa EP90, yendani pang'ono kuzungulira Chilenje, khuthulaninso kachiwiri. Masulani kopumirako mukatsuke ndi palafini mpaka kampira ka mkati kazigwedera. Onaninso oyilo wa giyabokosi, wa tiransifa, ndi wa m'mabakuli awiri a kutsogolo momwe matayala amakhotera.

Kukhula kuja ndi mchenga m'diramu. Chotsani tayala ndi diramu, tsukani ndi madzi, siyani ziume, ndipo muone ngati silo ya habu sikudontha, chifukwa oyilo akafika pa mashuzi ndiye ogula ena. Ngati tizomangira tiwiri ta diramu takana kumasuka musatikakamize ndi sikuludiraiva wamba, mudzaononga mitu. Bwerani nayo Lachiwiri m'mawa, ndili ndi yomenya ndi hamala. Mubwere nawonso bambo ngati angakonde, pali Bedford ya kasitomala yomwe ikundivuta kuyika taimingi, ndikufuna aimvere.